Antchito anga maso amangokhala pa foni, kodi ndiwalande?

Funso: Ndili ndi sitolo ya zipangizo zomangira nyumba kuno ku Mzuzu, cha ku Luwinga. Ndinalemba anthu asanu ndi awiri: atatu pa kauntala, mtsikana wowerengera ndalama, wa ku sitoko, dalaivala ndi womuthandiza. Ndikalowa nthawi iliyonse ndimapeza mitu yawerama, zala zili pa foni. Mwezi watha tinatumiza malata a geji yolakwika ku Rumphi, galimoto inabwerera nawo, mafuta n'kupita pachabe. Ndaganiza zoti m'mawa uliwonse aliyense azisiya foni m'kabati mwanga mpaka poweruka, ndipo wopezeka nayo ndizimudula malipiro. Vuto n'lakuti makasitomala ambiri amaoda pa WhatsApp ndipo amalipira pa foni. Kodi masamba a mchezowa amachepetsadi ntchito, kapena ndine amene ndatsalira? Ndine mayi wa ku Luwinga.

Yankho: Mayi, zikomo polemba, ndipo pepani ndi nkhani ya malatayo. Kupita ku Rumphi n'kubwerako ndi katundu yemweyo, mafuta mmene akwereramu, ndi ndalama yopweteka mumtima. Simunatsalire ayi. Masamba a mchezo amadyadi ntchito. Ndakhala zaka zambiri ndikulangiza eni mabizinesi ang'onoang'ono pa kayang'aniridwe ka antchito, ndipo zimenezi ndaziona m'maofesi, m'masitolo ndi m'magalaja momwe. Komabe musayambe kaye kutsekera mafoni m'kabatimo, ndipo ganizo lodula malipirolo lisiyeni ndithu. Mantha anga ndi akuti mungalange anthu koma chenicheni chimene chinabweza galimoto yanu n'kutsala pomwepo.

Mabwana ambiri akaona munthu ali pa foni amawerenga mphindi, amvekere mnyamata uyu wandibera theka la ola. Mphindizo zimatayikadi, koma ndalama zambiri sizithawira pamenepo. Chimene chimaononga ntchito ndi kuiduladula. Taganizirani mtsikana wanu wowerengera ndalama uja. Wayala malisiti a dzulo pa tebulo, akuwafananitsa ndi ndalama zimene zinalowa pa Airtel Money ndi pa Mpamba. Wafika pakati, m'mutu wasunga nambala imene akuisaka. Foni yalira. Wasuzumira, ndi mlamu wake akufunsa za zopereka za ukwati wa Loweruka. Wayankha kuti chabwino, masekondi khumi okha. Pobwerera pa tebulo nambala ija yauluka, ndipo theka la maganizo ake latsalira ku ukwati: ndalama imeneyi ndiipeza kuti, nanga nsalu ija telala wasoka? Dzanja likulemba, mutu uli kwina, ndipo cholakwa chimalowera pomwepo.

Ofufuza anaziyeza zimenezi. Mu 2009 Sophie Leroy anasonyeza kuti munthu akachoka pa ntchito imene sanaimalize n'kugwira ina, gawo la maganizo ake limatsala pa yoyamba ija, ndipo yachiwiriyo amaigwira moperewera. Gloria Mark wa ku University of California ku Irvine wakhala zaka zambiri akuyeza nthawi imene anthu a m'maofesi amakhala pa chinthu chimodzi pa kompyuta asanalumphire kwina. Mu 2004 inali pafupifupi mphindi ziwiri ndi theka. Mu 2012 inatsika kufika pa masekondi 75, ndipo m'zaka zaposachedwazi yafika pa masekondi 47. Mayi yemweyo ndi anzake anapezanso mu 2008 kuti anthu amene amasokonezedwa pafupipafupi ntchito amaimaliza ndithu, mwinanso mofulumira, koma amaimaliza ali opanikizika ndi okhumudwa. Chimene chimandikhudza kwambiri ndi chimene ofufuza ena anapeza ku Florida State University mu 2015: kungomva foni ikulira kapena kunjenjemera, osaigwira n'komwe, kunkachulukitsa zolakwa pa ntchito yofuna chidwi. Makolo athu anaziona kale opanda makina oyezera, paja anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Musafulumire kuwatcha aulesi ana anuwo. Makampani a masamba amenewa ndalama zawo amazipeza kwa otsatsa malonda, ndiye phindu lawo lili pa nthawi imene maso athu akhala pamenepo, ndipo analemba akatswiri ambiri kuti masowo asachoke. Mu 2006 katswiri wina wa makompyuta, Aza Raskin, anakonza njira yoti tsamba lisamathe, ukamakoka ndi chala zina zizingobwera, ndipo mwiniwakeyo anadzadandaula nazo pambuyo pake. Nyuzipepala ili ndi tsamba lomaliza, wailesi ili ndi nthawi yotsekera pulogalamu, koma TikTok ndi Facebook zilibe pothera. WhatsApp nayo ili ndi msampha wake, ndipo kwathu kuno umagwira kwambiri. Timizere tiwiri tabuluu tosonyeza kuti uthenga wawerengedwa tinayamba mu 2014. Ife tinaleredwa kuti wamkulu akaitana umavomera. Tsono abusa, apongozi kapena tcheya wa banki mkhonde aone kuti wawerenga koma uli chete, amati mwano. Onjezani gulupu ya kwaya, ya anzake a ku sekondale, ya makolo kusukulu ya mwana, ya kumudzi kumene amalengezerako maliro. Mnyamata wa pa kauntala wochokera ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa amabwera ku ntchito atanyamula mudzi wonse m'thumba, ndipo aliyense wa m'mudzimo amayembekeza kuyankhidwa msanga.

Tsopano tibwerere ku malata aja, chifukwa ndi pamene pali yankho lanu. Musanaweruze aliyense, tsatirani njira imene oda ija inadutsa kuchokera kwa kasitomala kufika pa galimoto. Inafika pa foni ya ndani? Inali yolemba kapena uthenga wa mawu? Amene anailandira anailemba pati? Wa ku sitoko anauzidwa pakamwa kapena anapatsidwa pepala? Ndikufunsa chonchi chifukwa cha zimene ndinapeza pa hosero ina mumzinda muno. Mwiniwake ankalumbira kuti TikTok yamuthera antchito. Tinatenga zolakwa za miyezi iwiri n'kutsata chilichonse kumene chinachokera. Zochuluka sizinachokere ku masewera ayi, zinachokera ku mauthenga a ntchito omwe. Kasitomala amatumiza uthenga wa mawu wa mphindi ziwiri pa foni ya mnyamata amene anazolowerana naye. Amayamba ndi moni, n'kutchula malata a geji 28 a mafiti 12, pakati n'kusintha maganizo kuti ayi, ndipatseni a geji 30, n'kumaliza ndi za misomali. Mnyamatayo amamvera uthengawo khutu limodzi, kwinaku akupereka chenje kwa munthu wina. Kenako amakuwira wa ku sitoko zimene wakumbukira. Pa foni yomweyo pakulowa mauthenga a kwaya ndi a kumudzi, ndipo oda imakwiririka pansi pa zonsezo. Tsiku limene mnyamatayo wadwala, maoda onse amadwala naye limodzi.

Kabati yanu singachiritse zimenezi. Ikhoza kungowonjezera, chifukwa kasitomala wa ku Ekwendeni akalemba m'mawa n'kuyankhidwa madzulo, simenti akaigula kwina.

Palinso mawu ena amene ndikupempha muwalandire bwino, Mayi. M'malo ambiri amene ndafikamo, amene amaduladula ntchito kwambiri ndi bwana mwiniwake. Ali ku banki, wakumbukira kanthu, walemba pa gulupu ya ntchito. Ali pa mzere wa mafuta ku Katoto, watumiza mafunso atatu. Wina akachedwa kuyankha, bwana amaimba n'kufunsa kuti bwanji sukuyankha pamene ndikukuona uli pa intaneti. Antchito amaphunzira msanga kuti foni iyenera kukhala m'manja nthawi zonse. Ndipo munthu akatsegula WhatsApp kuti aone uthenga wa abwana, amaonanso mauthenga ena khumi ndi masitetasi a anzake. Chitseko n'chimodzi. Simungamuuze munthu kuti azikuyankhani nthawi yomweyo, n'kumuuzanso kuti asamagwire foni. Tengani foni yanu madzulo ano muwerenge mauthenga amene munatumiza kwa antchito dzulo, kenako mudzifunse kuti ndi angati amene akanadikira mpaka masana.

Antchito anu asanu ndi awiriwo sagwira ntchito imodzi, ndiye lamulo limodzi silingawakwanire onse.

Dalaivala ndiye palibe zokambirana. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda pafupifupi mamita 22 pa sekondi iliyonse. Akayang'ana foni masekondi anayi okha, wayenda pafupifupi bwalo la mpira lonse asakuona msewu, atasenza simenti, m'misewu yokhotakhota ngati wa ku Nkhata Bay kapena m'mapiri a ku Chiweta, nthawi zina m'chifunga cha kuno. Foni ikhale ndi womuthandiza. Kasitomala akafuna kulondolera njira, azilankhula ndi womuthandizayo. Nanu musamamuimbire dalaivala ali pa msewu kumufunsa kuti wafika pati. Pamenepa pokha ndiye ndimavomereza kulimba mtima kotheratu, chifukwa cholakwa chake si malata obwerera koma maliro.

Wowerengera ndalama ndi wa ku sitoko amafunika nthawi yotetezedwa. Ntchito yawo ndi ya manambala, ndipo manambala sakhululuka. Gwirizanani nawo maola awiri m'mawa ndi ola limodzi potseka pamene foni ikhale m'chikwama, yosalira ndi yosanjenjemera, ndipo pa nthawi imeneyo nanunso musawasokoneze. Kuitembenuza chafufumimba pa tebulo sikokwanira, dzanja limapitako lokha. Mudzaona kuti ntchito imene imatenga tsiku lonse ikhoza kutha nkhomaliro isanakwane, chifukwa nthawi yambiri imathera pa kuyambiranso ndi kusaka pamene panalakwika.

A pa kauntala ndiye ovuta, chifukwa kwa iwo foni ndi chida chogwirira ntchito monga sikelo ndi tepi. Gulani foni imodzi ya sitolo, yokhala ndi nambala ya sitolo, muikemo WhatsApp Business. Pulogalamuyi inatuluka mu 2018 ndipo ndi yaulere. Muli poika katundu ndi mitengo yake, mayankho okonzeratu a mafunso obwerezabwereza, uthenga wodziyankha wokha sitolo ikatseka, ndi zizindikiro zosiyanitsa oda yatsopano, yolipiridwa ndi yotumizidwa. Mufoni imeneyo musakhale TikTok, Facebook ya munthu kapena gulupu iliyonse ya kunja. Munthu mmodzi aziigwira pa tsiku, mosinthana, ndipo amene waigwirayo asamagulitsenso pa kauntala nthawi yomweyo pamene anthu achuluka. Oda iliyonse yobwera ndi mawu ailembe n'kuibweza kwa kasitomala: malata 40, geji 28, mafiti 12, kupita ku Rumphi Lachinayi, tsimikizani. Kasitomala asanayankhe kuti eya, katundu asakwere galimoto. Ikatsimikizidwa ilowe m'buku la maoda, ndipo wa ku sitoko azitulutsa katundu poona pepala, osati pomva kukuwa. Makasitomala amene anazolowera nambala za anyamata anu muwasamutse pang'onopang'ono. Zimenezi zikutetezaninso tsiku limene mnyamata adzasiye ntchito, chifukwa pakali pano akhoza kuchoka ndi makasitomala anu onse m'thumba. Kumbukiraninso kuti kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu, Data Protection Act, ndiye manambala, maina ndi zithunzi za malisiti a makasitomala si zoti zizingomwazika m'mafoni a anthu.

Mafoni awoawo nanga? Lamulo limene ndaona likugwira ntchito ndi lalifupi: kasitomala akaima patsogolo pako, foni isaoneke. Palibe chimene chimathamangitsa wogula ngati kufunsa mtengo wa penti kwa munthu amene akuyankha maso ali pansi. Kunja kwa pamenepo, apatseni nthawi yodziwika, monga pa tiyi wa m'mawa, pa nkhomaliro ndi kamphindi masana, yoti aone zawo popanda kubisala. Kupuma pang'ono si mdani wa ntchito. Brent Coker wa ku University of Melbourne anapeza mu 2009 kuti antchito amene ankayang'ana za kumtima kwawo pa intaneti mwa apo ndi apo, osapitirira gawo limodzi mwa magawo asanu a nthawi yawo, ankagwira ntchito yochulukirapo ndi pafupifupi 9 peresenti kuposa amene sankatero. Nthawi imeneyo TikTok kunalibe, ndipo kupuma kwa mphindi zisanu kunali kosavuta kukuthetsa kusiyana ndi lero, n'chifukwa chake ndikuti nthawiyo ikhale ndi poyambira ndi pothera. Muwapatsenso nambala ya sitolo kuti aisiye kunyumba ndi kusukulu ya ana. Mayi amene wasiya mwana akutentha thupi ku Zolozolo sangagwire ntchito bwino foni yake itatsekeredwa m'kabati. Koma akadziwa kuti pakachitika kanthu amuimbira pa nambala ya sitolo, mtima umakhala m'malo ndipo safunikanso kusuzumira mphindi iliyonse.

Kulanda mafoni ndakuona kukuyesedwa kangapo. Sabata yoyamba kumaoneka ngati kwatheka. Yachiwiri anthu amabwera ndi mafoni awiri, yakufa ya m'kabati, yamoyo ya m'sokosi, ndipo maulendo a kuchimbudzi amatalika. Bwana amasanduka mlonda, antchito amasanduka ana a sukulu, ndipo munthu amene mwamuyesa mwana samabweranso kudzakuuzani akaona kuti sitoko ikusowa.

Za kudula malipiro ndiye pali lamulo. Employment Act ya 2000 salola wolemba ntchito kulipiritsa wantchito chindapusa ngati chilango. Chimene imalola ndi chenjezo lolemba, kuimitsa kaye pa ntchito kapena kutsitsa pa udindo, malinga ndi kukula kwa mlandu. Imanenanso kuti munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, ndiponso asanapatsidwe mwayi wodziteteza. Khoti la za ntchito, Industrial Relations Court, lili ndi nthambi konkuno ku Mzuzu, ndipo bwana amene alibe lamulo lolembedwa kapena kalata ya chenjezo amavutika kumeneko. Choncho zimene mugwirizanezo zilembedwe pa pepala limodzi m'chilankhulo chimene onse amamva, Chichewa kapena Chitumbuka, aliyense asaine ndi kutenga lake. Ndipo ngakhale mutakwiya bwanji, musatsegule foni ya wantchito kuti muwerenge mauthenga ake. Imeneyo ndi nyumba ya mwini.

Pali zinthu ziwiri zimene zimabisala pansi pa dzina la masamba a mchezo, ndipo chilichonse chimafuna mankhwala ake. Choyamba ndi geni. Ambiri amene mukuwaona akudinadina sakusewera, akugulitsa. Wina waika pa sitetasi nsapato zochokera ku Dar es Salaam, wina mpunga wa Kilombero wa ku Karonga, wina usipa wa ku Nkhata Bay, ndipo akuyankha ogula. Ine sindiwaweruza, chifukwa mitengo ya zinthu yathamanga kuposa malipiro ndipo lendi sadikira. Koma nkhaniyi ikambidwe poyera: geni ichitike pa nthawi yopuma, isakhale ya katundu wofanana ndi wanu, ndipo isagwiritse ntchito makasitomala a sitolo. Chachiwiri n'choopsa, ndicho kubetcha. Mukaona mnyamata akuyang'ana foni thukuta lili kamukamu, nkhope ikusinthasintha, akubwereka ndalama kwa anzake pakati pa mwezi, mwina si Facebook ayi, ndi kandege kapena mpira. Ameneyo muitanireni pambali mukambe naye ngati mwana wanu, ndipo mpaka zitakhazikika asakhale yekha pa kabati ya ndalama kapena pa foni yolandirira malipiro.

Gulupu ya ntchito nayo ikonzedwe. Ikhale ya ntchito yokha, popanda mavesi a m'mawa, zithunzi zoseketsa ndi mauthenga ongopatsirana. Zimene mukufuna kuuza onse muzisonkhanitse n'kuzinena kamodzi potsegula sitolo, mutaimirira pamodzi mphindi khumi. Chachangu chenicheni chiziimbidwa, osati kulembedwa, kuti anthu adziwe kuti uthenga wolemba ukhoza kudikira. Ndipo usiku muwasiye. Lamulo lathu limaika maola ogwira ntchito pa sabata osapitirira 48, koma WhatsApp yachititsa kuti anthu aziweruka ndi thupi lokha. Ku France anafika poika lamulo, limene linayamba kugwira ntchito mu 2017, loti makampani a antchito 50 kapena kuposerapo azikambirana ndi antchito awo za ufulu wosayankha mauthenga a ntchito akaweruka. Inu simufunika kudikira nyumba ya malamulo. Munthu amene mumamulembera 10 koloko usiku amaona kuti nayenso ali ndi ufulu wochita zake 10 koloko m'mawa, ndipo kunena zoona n'kovuta kumutsutsa.

Pokambirana nawo musayambe ndi mlandu. Mafoni ambiri a Android, kuphatikizapo Tecno ndi Itel amene ambiri tili nawo, ali ndi malo otchedwa Digital Wellbeing osonyeza maola amene munthu wathera pa pulogalamu iliyonse ndi kuchuluka kwa nthawi zimene watsegula foni. Pa iPhone amatchedwa Screen Time. Yambani ndinu, tsegulani yanu muwaonetse. Kenako aliyense aone yake payekha, osakakamizidwa kuulula. Ndaona anthu akuluakulu akukhala chete ataona nambala yawo, chifukwa pafupifupi tonse timaganiza kuti timagwira foni pang'ono kusiyana ndi mmene zilili. Akadzionera okha, afunseni kuti nthawi zopuma zikhale ziti, ndipo foni ya sitolo aziisinthana bwanji. Lamulo limene munthu waikapo mawu ake amalisunga ngakhale bwana atapita ku Lilongwe.

Pomaliza mwezi musawerenge mitu yowerama. Tsegulani buku la maoda muone kuti ndi angati anabwerera chifukwa cholakwitsa, makasitomala a pa WhatsApp akudikira nthawi yaitali bwanji asanayankhidwe, ndalama za m'kabati zikugwirizana ndi malisiti masiku angati, ndipo wowerengera ndalama akutseka mabuku nthawi yanji. Lembani manambala amenewa sabata ino musanasinthe chilichonse, kuti mudzakhale ndi poyerekezera. Akakhalapo mmodzi amene zonsezi zitakonzedwa akusiyabe kasitomala ataima n'kumaonera kanema, ameneyo ndiye wa kalata ya chenjezo, ndipo pamenepo mudzakhala ndi pepala limene anasaina yekha.

Kasitomala wa ku Rumphi uja muimbireni nokha, mupepese, ndipo mumupatse nambala yatsopano ya sitolo akhale woyamba kuisunga.